Ukaika Dripi, Werenga Madontho

Chitakale,
Mulanje.

Wokondedwa mwana wanga,

Mawa ukunyamuka kukayamba ntchito ya unamwino ku Nsanje. M'chikwama ndakuikira ufa, nandolo ndi wotchi yanga ija ya pachifuwa. Wotchiyo ndi imene yandilembetsa kalatayi.

Ukamuika munthu dripi, usachoke usanawerenge madontho. Pa chingwe cha madontho 20 pa mililita, lita imodzi yoti ithe m'maola 8 imafuna madontho 42 pa mphindi. Uzilemba zolowa, uzilembanso zotuluka: mkodzo, masanzi, chimbudzi. Wodwala akasiya kukodza, itana adokotala usiku womwewo, usadikire kuti kuche.

Wa kolera akabwera maso atalowa, khungu la pamimba ukalitsina osabwerera, pamenepo mpofunika changu. Muike Ringer's lactate, mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Akangoyamba kumeza, mupatse Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chonsecho mankhwala ake aakulu ndi madzi ndi mchere.

Koma madzi ali ndi malire. Madzi a m'phiri lathuli amene timamwa ndi omwewo anakokolola midzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndili mtsikana ngati iwe, ndinatsegulira dripi kamwana konyentchera n'kuthamangira kwa wodwala wina. Pobwerako ndinakapeza zikope zitatupa, kakupuma mwaphuma. Asisitala anatseka msanga, kamwanako kanapulumuka, koma ine tulo sindinatione sabata yathunthu. Mtima wa mwana wonyentchera, ngakhalenso wa nkhalamba, sunyamula madzi ambiri nthawi imodzi.

Potassium usadzayerekeze kumubaya mumtsempha osamusungunula, amaimitsa mtima. Amathiridwa m'botolo n'kumalowa pang'onopang'ono. Wodwala wosowa potassium amene akutha kudya, uza gadiyani amugulire nthochi. Magadiyani ena amatsegula dripi kuti ithe msanga, poganiza kuti m'bale wawo achira msanga. Usawazazire, akhazike pansi uwafotokozere. Pamene wakayika, funsa amene anakutsogolera, paja safunsa anadya phula.

Ku Nsanje n'kotentha, iwenso uzimwa madzi. Ukafika undiimbire. Wotchiyo imatsalira mphindi ziwiri pa tsiku, koma muvi wa masekondi sunandinamizepo.

Ambuye akutsogolere.

Ndine,
Mayi ako.