Usanazule Flash

Ambuya anga, amake amai, anali kusimba nthano monga munthu amene anaziona na maso. Asanamwalile, msuweni wanga anawajambula mau pa foni kumudzi ku Katete, mafailo 9, n'kuwasunga pa laputopu yake yakale ya Ubuntu. Tsiku limene anali kubwelela kum'mawa, n'namupeza pa Intercity, basi ya ku Chipata italiza kale injini. N'nalowetsa flash yanga. Iye anali kudandaula kuti disiki yadzala, conco n'nalemba mv, lamulo losamutsa, m'malo mwa cp, lokopa cabe. Posakhalitsa terminal inabweza mzele watsopano, popanda dandaulo lililonse. N'nazula flash, tinalailana.

Kunyumba ku Chawama, mafailo atatu analila bwino. Enawo 6 anali maina cabe, mkati mulibe kanthu. Ndipo mv ikakopa, imafafaniza kumene yacotsa.

Amai sin'nawauze kwa milungu iŵili.

Amene ananimasulila ni ba mdala ena okonza makompyuta kufupi na Town Centre Market. Anati, “Mfana wanga, kompyuta ikati yatsiliza, itanthauza kuti yalandila.” Flash imalemba mocedwa, conco Linux imayamba yasunga zinthu mu RAM, n'kumazitsitsila pa flash pang'ono-pang'ono kumbali, iwe uona monga zatha. Ni monga kondakita wa minibasi amene watenga K50 yako n'kukuuza kuti chenji ibwela. Ndalama walandila zoona. Koma ukaseluka usanamukumbutse, wapita nayo.

Kukumbutsa kondakita uja ndiye umount. Onetsetsa kalembedwe kake: palibe n pambuyo pa u, ndipo ine n'nalakwitsa kangapo n'kumaganiza kuti makina ni akufa. Uyamba na lsblk kuti uone dzina la flash, kambili limakhala sdb1. Ndiyeno ulemba sudo umount /dev/sdb1. Lamuloli limatsitsa zonse zotsala mu RAM, litseka flash, pamene apo m'pamene likubwezela mzele. Likacedwa, silinafe. Ni zinthu zako zija zikali pa njila.

Lomba niseŵenza pa kafe ya intaneti mu komboni mwathu. Mlungu watha kunabwela amai ena kudzatenga vidiyo ya cilanga mulilo ca mwana wawo. Anali ofulumila, cikwama cili kale paphewa. N'nalemba umount, makina n'kuyankha kuti “target is busy”. Kutanthauza kuti pali pulogilamu ina imene ikali kugwila flash.

Pali njila yacidule, umount -l, imene imabisa flash pamaso pako koma n'kuyembekeza wogwilayo kuti aleke. Anzanga amaikonda. Ine siniikhulupilila, cifukwa imakupatsa mzele woyela uja umene unaninamiza pa Intercity. N'nalemba fuser -vm /dev/sdb1 kuti nione wogwila. Panatuluka dzina limodzi cabe: bash, terminal yanga yomwe. N'nali n'naloŵa mu foda ya pa flash kukaona ngati vidiyo yafika, ndipo n'nali nikali momwemo. N'nalemba cd, n'natuluka, n'nayesanso.

Ulendo uno sinakane, koma inakhala cete. Kagetsi ka pa flash kanali kuphethila.

“Imwe, si mwati yatha? Basi izanisiya.”

“Amai, lindilani pang'ono cabe.”

Anafyonya, koma anakhala pansi. Ine n'nali kuyang'ana kagetsi kaja, maganizo ali pa failo yacitatu ya ambuya. Mmenemo ayamba nthano ya kalulu na citsime, aseka, atsokomola, apempha madzi, ndiye mau adukila pamenepo. Zotsatila zinali mu failo yacinai. Amai amati kalulu anagwidwa na fulu. Amalume amati sizinathe conco, koma sakumbukila mmene zinathela.

Kagetsi kanazima, mzele unabwela. N'nazula flash n'kuwapatsa na manja aŵili.