Bokosi la ku Cape Town ndi mkeka wa ku Nkhudzi

Abale anga a kunyanja, makamaka inu amayi anzanga amene muli kuno ku Joni ana munawasiya kumudzi, nkhani iyi ndakhala nayo kuyambira pamene ndinabwerako ku Nkhudzi mu Januwale. Mayi wina wa ku Makawa amene timakwera naye sitima Loweruka anandifunsa ngati angamugulire mwana wake wa zaka 5 masewera aja amene amaona ana a abwana ake akusewera patebulo, okhala ndi madayisi ndi timapepala ta zithunzi. Pa siteshoni ndinangomuuza kuti ayambe wadikira. Yankho lonse ndi ili.

Ndimalera ana m'nyumba ina ku Plumstead, mu Cape Town, ndipo chaka chino ndi cha 7. Masewerawa ndinayamba kuwaonera pakhomo la kukhitchini ndikupukuta mbale. Sali ngati ludo kapena drafti, ndipo palibe wodya mnzake ngati pa bawo. Munthu wamkulu mmodzi amafotokoza nkhani, mwana aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo nkhani ikafika povuta wamkuluyo amaima n'kufunsa kuti, "Tsopano iwe uchita chiyani?" Mwana akanena chimene akufuna, amaponya dayisi kuti aone ngati zatheka. Onse amakhala mbali imodzi, kupambana kapena kugonja n'kwa onse.

Kholo la masewera onse a mtundu umenewu ndi Dungeons & Dragons, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Abwana aamuna anakula akusewera imeneyo, ndiye mwana wawo wamkulu atakwana zaka 5 anafulumira kumuyambitsa. Zinakanika. Pabokosi pomwepo panalembedwa kuti ndi ya zaka 12 kupita m'tsogolo, buku la malamulo a osewera limapitirira masamba 300, dayisi yake yaikulu ili ndi mbali 20, ndipo pamafunika kuwonkhetsa manambala nthawi ndi nthawi. Mwana anatopa asanayambe n'komwe. Choipa kwambiri chinali chakuti munthu wake wa m'nkhani anavulazidwa ndi zilombo za kuphanga mpaka kugwa. Usiku umenewo ndine amene ndinakhala pambali pa bedi lake mpaka cha m'ma 11, akundifunsa ngati munthu ujayo wafadi.

Chimene ndinawalemekezera makolo amenewa n'chakuti sanamunene mwana kuti ndi wamantha. Anaona kuti cholakwika ndi masewerawo, nakafuna ena. Anapeza Hero Kids, ya Justin Halliday wa ku Australia, imene inatuluka mu 2012 ndipo ndi ya ana a zaka 4 mpaka 10. Imeneyi imangofuna madayisi wamba a mbali 6, ngati a ludo. Mwana amaponya ake, wamkulu amaponya a chilombo, n'kungoona kuti nambala yaikulu yagwera kuti. Anthu a m'nkhanimo ndi ana okhaokha a m'tauni yongopeka yotchedwa Rivenshore, ndipo ulendo woyamba ndi wokapulumutsa mnzawo amene makoswe amutengera kunsi kwa nyumba. Nkhani imodzi imatha ola lisanakwane. Pambuyo pake anagulanso No Thank You, Evil! ya kampani ya Monte Cook Games, ya mu 2016, ya ana oyambira zaka 5. Imeneyi ili ndi lamulo limene ndimalikonda kuposa onse: nkhani ikayamba kumuopsa, mwana ali ndi ufulu woiimitsa pongotchula mawu a dzina la masewerawo, ndipo wamkulu ayenera kumvera. Ilinso ndi nzeru ina, yakuti wamng'ono kwambiri amasewera ndi malamulo ochepa pamene mkulu wake akusewera ndi ochuluka, onse patebulo limodzi.

Choncho kuno kasankhidwe kake ndi kotere: amayang'ana zaka zimene zalembedwa pabokosi, amaona ngati mwana afunika kudziwa kuwerenga, amafunsa kuti nkhani imatenga nthawi yaitali bwanji ndiponso ngati munthu wa mwanayo angafe. Zonsezo n'zabwino. Koma ndinadzaona kuti mafunso a ku Plumstead sakwanira ku Nkhudzi.

Mwana wanga ali ndi zaka 8 ndipo amakhala ndi amayi anga. Aliyense wa inu amene amasambitsa mwana wa eni ake wake ali kutali akudziwa chimene chimakhala mumtima nthawi yogula katundu wa Khirisimasi. Ndinapempha madamu kuti andisindikizire mapepala a Hero Kids, ndinagula madayisi 6, ndinakulunga zonse m'chitenje n'kuika pansi pa chikwama. Zinadutsa nane Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete mpaka Mwanza, ndipo ulendo wonsewo ndinkaganiza za nkhope yake akadzaziona.

Woyamba kuziona sanali iye ayi. Amayi anatenga pepala limodzi pamene panajambulidwa mwana akutulutsa moto m'manja, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, ichi usachionetse pabwalo. Ana akapita kusukulu akuti ndine wa matsenga, ndimaponya moto, anthu adzati wawaphunzitsa ndani? Adzaloza ine." Sindinawatsutse. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma tonse tikudziwa kuti kumudzi amene amayamba kugendedwa ndi nkhalamba, ndipo nthawi zambiri mlandu wake umakhala woti ikuphunzitsa ana. Ngakhale ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anaukira Dungeons & Dragons kuti ikukokera ana kwa Satana. Kumeneko zinathera m'manyuzipepala ndi pa wailesi yakanema. Kwathu zikhoza kuthera pa nyumba ya agogo.

Madzulo ake amalume anabwera kudzandilonjera akuchokera ku mzikiti, anaona madayisi pamkeka. "Nanga izi, a mphwanga, mwabweretsera ana juga?" Ndinawafotokozera kuti palibe ndalama, koma iwo anati mwana amene dzanja lake lazolowera dayisi sadzaiopa akadzaiona pa gombe, pamene alovi amathera ndalama za usipa usiku umodzi. Ena mwa inu munena kuti anakokomeza. Ine ndinaona kuti sindinabwere kudzakangana ndi anthu amene akundilerera mwana. Madayisi ndinabweza m'chikwama.

Ndiye panatsala chiyani? Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza, ndipo ndinazindikira kuti zigawo ziwiri za masewerawa tinali nazo kale, kungoti zinali padera. Chigawo choyamba ndi nthano. Agogo anga akati "Padangokhala," ife tonse "Tili tonse," ndipo kalulu, fisi, kamba ndi njovu ankadutsa pamaso pathu moto ukuzilala. Koma mu nthano mwana sasintha kanthu. Ungamumvere chisoni bwanji fisi, adzapusitsidwabe monga anapusitsidwira chaka chatha. Chigawo chachiwiri ndi masanje. Tikakolola tinkamanga timisasa kuseri kwa mudzi, uyu bambo, uyu mayi, uyu mfumu, wina fisi wodzaba ndiwo, tikuphikadi nsima m'tizitini ndi usipa wopempha pa thandala. Mu masanje mwana ndiye mwini nkhani, koma wamkulu sapezekapo. Chimene azungu anaika m'bokosi ndi kuphatikiza ziwirizi: wamkulu akhale pansi ndi ana, ayambe nkhani, kenako aipereke m'manja mwawo. Chimenecho sichifuna Chingerezi kapena ndalama.

Mawa lake dzuwa litapendeka ndinayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Panali mwana wanga, ana awiri a achemwali anga, wa zaka 6 ndi wa zaka 4, ndi mnzawo wa nyumba yoyandikana. M'malo mwa madayisi ndinatola zitsekerero zitatu za mabotolo a Fanta. Lamulo linali limodzi: ukafuna kuchita chinthu chovuta, ponya zitatuzo, ziwiri zikagwa chagada zatheka. Ngati ndi chinthu chimene munthu wako amachidziwa bwino, chimodzi chokha chikwanira. Aliyense ndinamufunsa kuti ndi ndani ndipo amatha chiyani. Wanga anati ndi siginala, uja amatsogola ndi nyali usiku kukopa usipa. Wa zaka 6 anati ndi wosoka maukonde. Wa zaka 4 anaganiza ataika chala m'kamwa, kenako anati iye ndi nkhuku. Sindinamukanize. Ndinangomufunsa kuti nkhukuyo imatha chiyani, iye n'kuti imalira mokweza.

Nkhani inali yakuti mwera unawomba usiku n'kukokolola chilimira cha agogo awo, ndipo ukonde wakodwa pa miyala kutsidya kwa phiri la Nkhudzi. M'boti ndinaikamo munthu wamkulu wopalasa, dala, chifukwa sindinafune kuti mwana aliyense achoke pamkeka paja ndi maganizo oti ana amakankha bwato okha. Atafika pa miyala ndinati pa ukondepo pagona mvuu. Ana a ku Plumstead pamenepa akanasolola malupanga. Wanga anakhala chete, kenako anati, "Mvuu sitimenyana nayo, amayi. Tidikire ipite kukadya." Wosoka maukonde anati dzuwa lilowa. Ndiye kankhuku kaja kanaimirira pamkeka, manja m'chiuno, n'kunena kuti kalira kuti mvuu iganize kuti kwacha. Kanaponya zitsekerero ndi manja awiri, chimodzi chinagudubuzika mpaka pa mtondo, tonse tinakwawa kukachiona. Chinali chagada. Kulira kumene kanalira mwana ameneyo, amayi anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja.

Tsiku lachitatu ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba kuti inu musadzatero. Ndinaika ng'ona m'nkhani. Mwana wa nyumba yoyandikana uja anangodzuka osalankhula n'kumapita. Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti kwawo kwa amayi ake, kumtsinje wa Shire, kunachitika ngozi ya ng'ona iye ali komweko. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuno ndi kwathu. Mwana wa ku Cape Town amatha kumenyana ndi chinjoka chamapiko n'kukagona bwinobwino chifukwa akudziwa kuti chinjokacho kulibe. Ng'ona, mvuu, mwera ndi boti lomira, kwa mwana wa kunyanja ndi zinthu zimene zinachititsa maliro amene iye anawaona. Palibe bokosi limene lingakuuzeni zimenezo. Muyenera kudziwa mwana aliyense amene wakhala pamkeka, ndipo ngati mwakhala kunja zaka zambiri ngati ine, funsani kaye amene akukhala naye. Kuchokera tsiku limenelo ndinabwereka lamulo lija la No Thank You, Evil! Ndinawauza kuti aliyense akaona kuti nkhani yamuopsa angonena kuti "Kaphuleni mbatata," monga timathera nthano, ndipo chinthu choopsacho chichoka osafunsidwa chifukwa. Mwanayo ndinakamupepesa kwawo pamaso pa amayi ake, ndipo anabweranso patapita masiku awiri.

Sindikunena kuti mabokosi a kuno ndi achabe. Ngati ana anu muli nawo konkuno ndipo amaphunzira m'Chingerezi, Hero Kids ndi yabwino kwa wa zaka 4 kapena 5, No Thank You, Evil! ndi yabwino pamene pali wamkulu ndi wamng'ono, ndipo Dungeons & Dragons muisunge mpaka mwana atayandikira sekondale. Koma ngati mukutumiza kumudzi, dzifunseni kuti adzawerenge bukulo ndani, popeza lili m'Chingerezi, ndiponso kuti adzakhale pansi ndi anawo ndani inu mutakwera basi. Bokosi lopanda munthu wamkulu limasanduka timapepala toyatsira mbaula. Onaninso zithunzi zake ndi maso a apongozi anu, a shehe kapena a abusa, osati ndi maso a ku Joni. Ndipo nkhani isapitirire nthawi imene mphika wa mbatata umapsa, chifukwa wa zaka 4 akayamba kukumba mchenga ndi chala chakuphazi ndiye kuti yatha, ngakhale inu musanafike pamene mumafuna.

Kunena zoona, chimene chinandipweteka pa ulendowu si madayisi kapena zithunzi. Ndinapeza kuti madzulo ana ambiri a m'mudzi mwathu amaunjikana pa foni imodzi kapena ku kanyumba koonetsa mafilimu, ndipo mwana wanga sankadziwa kuyankha "Gize" nditati "Ndagi." Amayi anati nthano akuzidziwabe zonse, koma palibe amene amawapempha, ndipo iwonso amakhala atatopa. Sabata yomaliza ndinawapempha kuti iwo ndiwo afotokoze. Poyamba ankathamangira kumapeto a nthano monga anaizolowera, ndipo ndinkawagwira pabondo kuti aime afunse ana. Atazolowera, anatenga nthano ya kalulu ndi chitsime n'kuwasandutsa anawo alonda a pachitsimepo. Kalulu anabwera ndi uchi wake monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno kankhuku kanakana kulawa, ndipo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chifukwa sankadziwa kuti nthano yawo ipita kuti.

Zitsekerero zija ndinazisiya m'kachitini ka mkaka pawindo. Lamlungu lapitali mwana wanga ananditumizira mawu pa WhatsApp ya achemwali. Akuti tsopano wofotokoza ndi iyeyo, osewera afika 6, ndipo boti lawo lili pakati pa nyanja nyali itazima. Amafunsa ngati n'kololedwa kuti nkhuku iponye kawiri, poti ikulira kuti chitsekerero chimodzi chinagwera pa mwendo wa munthu. Ndinamuyankha ndili m'sitima pakati pa Wynberg ndi Plumstead kuti aiponyetse kawiri.