Nsomba Zathu ndi Msewu wa ku Lusaka

Ife a ku Luangwa, kumene akulu-akulu akali kuchula kuti Feira, tikhala pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Tikaima pa gombe tiona Zumbo wa ku Mozambique patsidya. Dziko lathu ndi lotentha, mvula ndi yocepa, ndipo cimanga cikapulumuka ku dzuwa, njovu zicimaliza usiku umodzi. Munda wathu weni-weni ndiwo madzi.

Koma madziwo atopa. Makolo athu anali kubwera ndi bwato lodzala mceni ndi milamba. Lero mwamuna acezera usiku wonse pakati pa mvuu ndi ng'ona, nabwera ndi nsomba zosadzaza beseni. Mlandu wina ndi wathu, tisabise. Maukonde a udzudzu amene tinapatsidwa kuti tigonemo, ena a ife tinawakokera m'madzi, ndipo sanasiye ngakhale kamwana ka nsomba.

Cotilanda tulo kopambana ndico ulendo. Pa gombe nsomba ilibe mtengo, mtengo uli ku Lusaka, mtunda wa makilomita opitirira 300. Tiwamba nsombazo pa moto, tizimanga m'mitolo, ndi kudikira galimoto. Msewu wofika ku Luangwa Bridge anauthira phula, ndipo ife amene tinadya fumbi lace kale tithokoza. Koma phula silinatsitse mtengo wa mafuta. Munthu alipira mpando wace, mtolo ulipira wace, mnyamata wa wilibala pa msika wa Soweto afunanso yace. Galimoto ikafera m'mapiri a Manenekela, mai agona pa mtolo wace kuopa mbala ndi mvula, uku nsomba zikuphwanyika. Pobwerera, ndalama ya pa nsonga ya citenje ingokwanira kugula mtolo wina.

Kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February boma litseka usodzi kuti nsomba ziswane. Lamuloli ndi labwino, tidziwa. Koma iyo ndiyo miyezi ya njala, ndiponso January afuna yunifomu, nsapato ndi makope, ngakhale kuti malipiro a sukulu anacotsedwa mu 2022. Pamenepo maso onse aloza ku Zumbo, kukafuna kogulitsa. Mtsinje uli wodzala ndi wofiira, ndipo bwato lilongedwa anthu ndi katundu kufikira madzi afika m'milomo mwace. Ife otsala tikhala pa gombe ndi ana, kuwerenga mabwato obwerera kufikira kutada.