Bondo la mwanayo lionedwe kaye, achimwene

Kansas City, 28 Disembala 2025

Achimwene,

 Mayi muwauze kuti nsalu yawo ija ndinagula, ndikungodikira munthu wobwera kumudzi. Kuno kwazizira moti madzi ukawaiwala m'galimoto usiku, m'mawa umawapeza atauma gwa. Kwanuko ku Malomo ndikudziwa kuti makasu ali m'manja, mukupalira chimanga ndi soya, ndipo ndalama ya feteleza wobereketsa ndinatumiza Lachiwiri.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene munandisiyira pa WhatsApp. Munanena zinthu ziwiri mpweya umodzi: kuti mnyamata wathu anagwa pa bonanza bondo n'kutupa, ndiponso kuti kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe amene akuti timu ina ya mu Super League ikumufuna kuti akayesedwe mu Januwale. Mawu anu anali achimwemwe, ndipo za bondozo munangodutsapo. Ine ndinamvetsera katatu, tulo osabwera. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwanu ali mu Sitandade 5, inu ndinu mwini mbumba, ndiye ndiloleni ndikuuzeni zimene maso anga aona mwezi uno.

Mpira umene anthu kuno amaufera si wathu wamiyendo uja. Ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, amaunyamula m'manja, kuuponya, ndi kugundana ngati nkhosa zamphongo, atavala zipewa zolimba ndi zotchinga pamapewa. Ligi yake ndi NFL, ya matimu 32. Timu iliyonse imasewera masewera 17 kuyambira Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, kenako ndime yachipulula, mpaka fainolo imene amaitcha Super Bowl mu Febuluwale. Timu ya mumzinda muno ndi Chiefs, yovala zofiira ngati Maule. Yatenga chikho chimenechi katatu m'zaka zochepa, mu 2020, 2023 ndi 2024, ndipo konseko amene ankaitsogolera ndi Patrick Mahomes, woponya mpira, udindo umene amautcha quarterback.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena amene ndimawadyetsa. Ana awo enieni nthawi zina amawaiwala, koma tsiku la Chiefs saliiwala. Lamulungu pa 14 Disembala ndinawaveka chipewa chawo chofiira, n'kuwakankhira pa njinga yawo kufupi ndi TV, mbale ili m'manja mwanga. Chiefs inkasewera ndi Los Angeles Chargers pa bwalo la Arrowhead. Kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, Mahomes akuthawa ndi mpira, bondo lakumanzere linapindika, iye n'kugwa atagwira mwendo. Chipinda chonse chinangoti zii. Agogo aja anakankha supuni ndi dzanja lonjenjemera, ndipo tsiku limenelo sanadyenso. Chiefs inagonja 16 kwa 13, n'kutuluka mu mpikisano isanafike ndime yachipulula, zimene zinali zisanachitike kuyambira 2014. Madokotala anapeza kuti waduka mtsempha wa mkati mwa bondo, umene amautcha ACL, ndipo mawa lake anamuchita opaleshoni ku Dallas.

Zimene zinandikhudza kwambiri zinabwera m'mawa mwake. Ndimayendetsa galimoto theka la ola kupita kuntchito, wailesi ili yotsegula. Ndinayembekeza kumva za ululu wa munthuyo, za mkazi wake ndi ana ake atatu. Zimenezo anazitchula mphindi imodzi yokha. Zotsalazo zinali kuwerengera: achira miyezi ingati, adzathamanganso ngati kale kapena ayi, timu igule ndani, ichotse ndani kuti ndalama zikwane. Wina ankati kugonjako kuli ndi ubwino wake, chifukwa timu imene yachita moipa ndi imene imayamba kusankha anyamata ochokera kumayunivesite mu Epulo. Ena anali kale pa Travis Kelce, wa zaka 36, kuti kodi apuma kapena asewera chaka china, ndipo pa Khirisimasi, pamene ankasewera ndi Denver Broncos, mzinda wonse unkati mwina aka n'komaliza kumuona pa Arrowhead. Mwini wake anali asananene kanthu. Zonsezo ndi mphekesera za "tamva kwa munthu wamkati", ndipo pali anthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa chongofalitsa zimenezi. Gardner Minshew, amene analowa m'malo mwa Mahomes, nayenso anavulala bondo sabata yotsatira ku Tennessee. Za iyeyo anakamba tsiku limodzi, basi n'kuyamba kufunsa za wachitatu.

Achimwene, kuno thupi la wosewera limalembedwa poyera ngati mitengo ya fodya ku okushoni ya Kanengo. Lamulo la ligi limakakamiza timu iliyonse kulengeza sabata ndi sabata amene avulala, chiwalo chimene chavulala, ndi ngati asewere: uyu n'ngokayikitsa, uyu n'ngokayikitsa kwambiri, uyu sasewera. Amene amathamangira mndandandawo kwambiri ndi obetcha. Mnzanga wina wakuntchito amautsegula pafoni nthawi yopuma, chala chikutsika pamayina, phewa la uyu, nthiti za uyu, mutu wa uyu, akuwerengera pamene aikepo madola ake makumi awiri.

Mahomes sadzavutika. Mu 2020 anasainira mgwirizano wa zaka 10 wa madola 450 miliyoni, ndipo ali ndi madokotala amene ntchito yawo ndi bondo lakelo basi. Koma timu si Mahomes yekha. Pokonzekera ligi, timu iliyonse imasonkhanitsa anyamata 90, ndipo kumapeto kwa Ogasiti imatsala ndi 53. Muwerengere nokha: anyamata oposa 1,000 amauzidwa sabata imodzi kuti alongedze. Ambiri mwa otsalawo mgwirizano wawo sutsimikiza ndalama zonse, timu ikhoza kuwachotsa isanathe nthawi. Ndiponso pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, chaka chino madola 279.2 miliyoni, ndiye wina akakwera mtengo, wina ayenera kupita. Kawirikawiri amapita ndi amene mwendo wake wayamba kukayikitsa. N'chifukwa chake anyamata amabisa ululu, amabayitsa jakisoni, n'kulowa m'bwalo.

Mapeto a kubisako anawaonetsa dokotala wa ku Nigeria, Bennet Omalu. Mu 2002, ku Pittsburgh, anapima ubongo wa Mike Webster, katswiri amene anatenga Super Bowl kanayi ndi Steelers n'kudzamalizira mpira wake kuno ku Chiefs. Webster anamwalira ali ndi zaka 50, mutu utasokonekera, nthawi zina akugona m'galimoto. Omalu anapeza kuti ubongowo unawonongeka ndi kugundagunda kwa zaka zambiri, matenda amene tsopano amadziwika kuti CTE. Akuluakulu a ligi anayamba amutsutsa. Patapita zaka anavomera, malamulo anasintha, ndipo lero munthu akagunda mutu amamutulutsa kuti akaonedwe ndi dokotala amene si wa timu. Ine ndimasambitsa anthu amene mutu unawachokera, ndimadziwa kuti zimatanthauza chiyani kwa mkazi ndi ana.

Musaganize kuti ndikudana ndi mpira. Ndimakumbuka mwanayo akumanga chikulunga ndi mapepala a shuga kuseri kwa nkhokwe ya mayi, mpaka kuda kumamupeza pabwalo la sukulu. Ndipo chimene chimandinyaditsa kwambiri mumzinda muno ndi mpira wamiyendo womwewo. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, amasewera muno mu timu ya amayi ya Kansas City Current kuyambira 2024. Bwalo lawo, CPKC Stadium, lili m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri, limalowa anthu 11,500, ndipo Mahomes yemweyo ndi mkazi wake Brittany ali m'gulu la eni timuyo. Chaka choyamba Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi, zimene palibe anali atachitapo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ndinapitako ndi mbendera yathu. Azungu zikwizikwi akuimba dzina la Mmalawi, ine misozi ili chuchuchu, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi n'kumandifunsa kuti Malawi ali kuti.

Chaka chino timu yawo inatsogola ligi yonse, Temwa n'kutenganso mphotho ya zigoli ndi ya wopambana onse. Koma mu Okutobala, ku Houston, anavulala chakumtunda kwa ntchafu popanda womugunda, n'kutuluka m'bwalo. Milungu itatu anthu anangokhalira kunong'ona kuti asewera, sasewera. Tsiku la ndime yachipulula litafika mu Novembala, Temwa sanalowe. Current inagonja 2 kwa 1 ndi Gotham, chikho n'kupita. Mitima inatipweteka tonse. Koma taganizirani, achimwene: wosewera woposa onse mu ligi, pa masewera ofunika kuposa onse a chaka, anakhala pansi chifukwa thupi linali lisanapole. Nanga mwana wathu athamange ndi bondo lotupa chifukwa cha mawu a munthu amene simukudziwa ngakhale kumene amagona?

Ndikunena izi chifukwa inenso ndinabisapo. Chaka chatha ndikunyamula munthu kuchoka pabedi, msana unandigwira. Ndinaopa kunena, poti wodandaula amamuchepetsera maola, ndipo maola amenewo ndiwo fizi ndi feteleza kwanuko. Ndinamwa mapilitsi n'kumapitabe milungu isanu, mpaka tsiku lina ndinalephera kuvala nsapato. Ndinagona mwezi ndi theka. Pobwerera ndinapeza dzina la munthu wina pa masiku anga. Ndikanapuma sabata imodzi poyamba paja, sizikanafika pamenepo. Ija miyezi imene ndalama inachedwa, munkaganiza kuti ndakuiwalani, chinali chimenecho.

Ndikudziwa kuti kwathunso Disembala ndi mwezi wa mphekesera. Ligi ikamatha, pa bawo ndi m'nyumba zoonetsera mpira pa Malomo nkhani imakhala yomweyo: uyu akupita ku Bullets, uyu Manoma amulanda, uyu Silver yamupatsa nyumba ku Area 47. Zina zimachitikadi. Peter Mponda anatenga ligi ndi Silver Strikers mu 2024, chaka chotsatira tinamuona ku Bullets. Gabadinho Mhango anachoka kwathu konko n'kukamwetsa zigoli 16 mu sizoni imodzi ku Orlando Pirates, ndipo chigoli chake cha patali chija ndi Morocco mu Januwale 2022 ndinachionera pafoni m'khitchini ya kuntchito, ndikukuwa ndekha. Mnyamata aliyense wa ku Ntchisi ndi Dowa amene ali ndi mwendo wabwino amalota zimenezo, ndipo si kulakwa. Koma inu ndi ine tikuwadziwa anzathu amene ankagwedeza mabwalo a ku Mponela ndi Madisi, lero akutsimphina, ngakhale kabaza sangapalase. Dzina lawo silinamvekepo pa wailesi. Anathowa ndi madzi otentha, kutemera mphini, kumanga bandeji, n'kubwerera m'bwalo Loweruka lotsatira, bondo n'kutheratu.

Mtsempha wa mkati mwa bondo ukaduka sudzilumikiza wokha ngati fupa. Kutupa kumatha, munthu n'kuyamba kuyenda bwinobwino, onse n'kumati wachira. Koma akathamanga n'kutembenuka mwadzidzidzi, bondo limagwedera, ndipo kugwedera kulikonse kumadya chichereŵechereŵe cha mkati. Mumufunse mwanayo modekha, panokha, anzake palibe: kodi anamva kulira m'bondo pamene ankagwa? Kodi linatupa tsiku lomwelo? Kodi limamuthawa akamatsika chitunda? Pamaso pa anzake adzakana, ndipo kwa ine pafoni amangoti "ndili bwino, amayi". Inu ndi amene angakuuzeni zoona.

Za bambo wa ku Lilongweyo, mutu ukakula sulewa nkhonya, mukumane naye ndinu. Abweretse kalata ya timu, ya chidindo, ndipo inu muimbire ku ofesi ya timuyo kuti mumve ngati akumudziwa. Mumufunse kuti mwanayo akavulala poyesedwapo adzalipira chipatala ndani, akagona kuti, akadya chiyani. Akatchula ndalama yoti inu mupereke kuti mwana akayesedwe, mumutsanzike pomwepo. Mwanayo ali ndi zaka 17, sangasainire kanthu popanda inu, ndipo mayeso a Fomu 4 ali pakhomo. Timu imene ikumufunadi mu Januwale idzamufunabe akalemba mayeso ali ndi miyendo iwiri yabwino.

Mawa nditumiza ndalama ina pa foni ya alamu, yosiyana ndi ya feteleza. Imeneyo ndi ya ulendo. Mupite naye kuchipatala cha pa boma ku Ntchisi, ndipo akakaona kuti n'zamkati, mupemphe kalata yopitira ku Kamuzu Central, kumene kuli chipatala cha mafupa cha LION. Zimene adokotala akanene muzijambule munditumizire. Kufikira tsiku limenelo nsapato zake za mpira zikhale m'chipinda chanu, achimwene, ndipo mumuuze kuti wanena ndi mayi ake.

Ine mlongo wanu.