Kamera Imathera Pamwamba pa Phiri

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mpira. Inu osaukonda musathawe, chifukwa mwina si ya mpira wokha.

Ndinakulira ku Nchalo, pakati pa minda ya nzimbe. Bambo anga anali wodula nzimbe, ndipo mpira wawo unali umodzi basi: wa pa Kalulu. Ankakamba za timu ya Sucoma ngati akukamba za abale awo. Ankadziwa kuti wosewera uyu amakhala layini iti, uyo anakwatira mwana wa ndani. Loweruka ankandinyamula pa njinga, dzuwa la ku Chigwa likuswa mtengo, n'kukaima nane kuseri kwa golo mpaka fumbi litatiyeretsa nsidze.

Usiku wina mu Ogasiti 2023 mnzanga wa ku sekondale, yemwe anapita kukaphunzira ku Oregon State University ku America, anandiimbira pa WhatsApp. Mawu ake anali ngati a munthu wochokera kumaliro. "Aise, atithawa," anatero. Ndinaseka, ndimvekere ndani wakuthawa ku Amerikako?

Anandifotokozera bwinobwino. Kumeneko mayunivesite ali ndi matimu amphamvu, ndipo amasewera m'magulu. Gulu lililonse limagulitsa ufulu woonetsa masewero ake kwa makampani a kanema, ndalamazo n'kugawana. Gulu la sukulu yake, Pac-12, linali ndi masukulu 12 ndipo mizu yake inayambira mu 1915. Mu 2022 masukulu awiri a ku Los Angeles, USC ndi UCLA, analengeza kuti akupita ku gulu la Big Ten. Chaka chomwecho Big Ten inasainirana ndi Fox, CBS ndi NBC mgwirizano wa zaka 7 wa ndalama pafupifupi madola 7 biliyoni. Enawo ataona kuti gulu lawo silikupeza mgwirizano wonona chotero, anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Pofika 2024 anatsala awiri okha, Oregon State ndi Washington State, masukulu a m'matauni ang'onoang'ono. Pano ophunzira a ku Los Angeles amauluka makilomita pafupifupi 4,000 kukasewera ku New Jersey, kusiya anansi amene agogo awo ankalimbana nawo.

Ndinamufunsa: "Ndiye timu yanuyo inali yofoira eti?"

"Ayi," anatero. "Sitinagonje pabwalo. Anangowerenga anthu otionera pa kanema, n'kupeza kuti ndife ochepa."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Ndinakumbuka 2018, Nchalo United ili mu Super League. Matimu akuluakulu amene tinkangowamvera pa wailesi anakhala anzathu a mu ligi imodzi. Chaka chitatha tinatuluka. Zinawawa, komabe tinatuluka chifukwa chogonja, ndipo khomo lobwererapo silinatsekedwe. Mnzanga uja analibe ngakhale chitonthozo chimenecho.

Koma ndisanaloze chala Amerika, ndinadziyang'ana ndekha. Kodi ine Loweruka ndimakhala kuti masiku ano? M'kanyumba ka malata pa msika, jenereta ikulira kunja, thukuta lili kamukamu, ndikukuwira Arsenal. Ndimalipira pakhomo mosanyinyirika. Nthawi yomweyo anyamata a m'dera lathu akuthamanga pabwalo la pulayimale, owaonera ndi ana ndi mbuzi. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa achemwali anga, wosewera pakati, mwendo wamanzere ngati wodzoza mankhwala. Wandiitana kanayi. Kanayi konse ndinamuuza kuti ndatanganidwa.

Ndiye kuti owerenga mitu ya oonera aja akafika kuno, ine andiwerengera ku London, osati ku Nchalo.

Kuno kwathu nakonso nkhani ya ufulu woulutsa mpira yayamba kukula, ndipo Sulom, FAM ndi nyumba zoulutsira mawu amaikambirana. Si zoipa ayi. Matimu athu akufunika ndalamazo, osewera ali ndi mabanja. Mantha anga ndi akuti ndalama ya kanema imatsata kumene kuli maso ambiri, kwa Bullets ndi Wanderers, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kutsitsa makamera m'makhotakhota a phiri lija mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukafika ku Bangula kapena ku Nsanje, n'kodula. Tsiku lina wina adzatenga cholembera n'kufunsa funso lomwe anafunsa ku Oregon: kodi anthu a kumusiku amatibweretsera zingati? Ndipo yankho lake tikulilemba ndife, Loweruka lililonse.

Mwana wanga wa zaka 9 amatchula osewera onse a Manchester City osaphonya. Nditamufunsa dzina la msuweni wake pabwalo, dzina limene anzake amamukuwira, anangoti kukamwa yasa. Sindinamukalipire. Anatengera ine.

Loweruka lapitali ndinamukweza pa kabaza, ulendo wa kubwalo la pulayimale lija. Anadandaula njira yonse kuti kukutentha, komanso kuti tiphonya gemu yeniyeni. Tinaima kuseri kwa golo. Msuweni wake atationa anaphonya mpira wosavuta, kenaka n'kuseka yekha. Anagonja 2-1. Pobwerera mwanayo anandifunsa ngati golo ya adani ija sinali ofusayidi, ndipo takhala tikukangana za iyo mpaka lero.