Phukusi la ku St Mary's

Azakhali anga anachoka kwathu ku Dedza mu 1958 kutsatira amuna awo ku Halale, monga tinkatchulira Salisbury masiku amenewo, ndipo sanabwererenso. Pamene ndinakawachezera mu 2019 ndinawapeza ku St Mary's, limodzi mwa madera atatu, pamodzi ndi Seke ndi Zengeza, amene analumikizidwa mu 1978 kupanga Chitungwiza. Maso anali atayamba kuchita khungu, koma mutu unali wakuthwabe. Tsiku lachitatu anatulutsa chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi nati, "Mwana wa achimwene, paja amati munaphunzira mpaka kutsidya kwa nyanja. Anthu awa ndikafa adzawatchula ndani?"

M'chitinimo munali zithunzi zoposa 200: maukwati, maliro a bungwe lothandizana pa zovuta, amuna ovala masuti obwereka ataima pambali pa njinga. Kuseri kwa zambiri kunalibe cholembedwa chilichonse.

Ine ntchito yanga ndi ya mawu, ndipo ndinaganiza zongogula kope n'kulemba maina. Amene ananditsutsa ndi mdzukulu wawo, mnyamata wonditchula kuti sekuru, wolankhula Chishona chosalala ndi Chichewa chopunduka. Iye anati kope limasiyana ndi chithunzi, monga mmene maina anasiyanira kale ndi nkhope za m'chitinimo. Dzina liyenera kulowa m'chithunzi mwenimwenimo. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chithunzi cha pa kompyuta chili ndi kathumba kobisika, kotchedwa metadata, kosunga tsiku, malo, wojambula ndi mawu ofotokoza, ndipo kamayenda nacho kulikonse.

Chida chotsegulira kathumbako ndi ExifTool, pulogalamu imene Phil Harvey wa ku Canada anaitulutsa mu 2003, yolembedwa m'chiyankhulo cha makina chotchedwa Perl. Laputopu ya mnyamatayo inkayendera Ubuntu, dongosolo laulere lochokera ku Debian, limene Mark Shuttleworth wa ku South Africa analiyambitsa mu 2004. Kuti dzinali ndi mbale wake wa umunthu wathu sindikufuna kutayirapo nthawi. Ambiri alembapo kale, ena mopyola muyeso. Chimene chinandigwira mtima ndi liwu lina. Anthu a Debian sapereka pulogalamu yamaliseche. Amaimanga pamodzi ndi kalata yonena dzina lake, woisamalira, chilolezo chake ndi mapulogalamu ena amene singagwire ntchito popanda iwo. Mnyamatayo akufotokoza movutikira, azakhali anadula nkhani: "Ndiye kuti ndi phukusi." Zaka zonse ndakhala m'misonkhano yopeka mawu atsopano sindinamvepo liwu lokhala bwino chotero.

Phukusi la ExifTool lilipo kale, ndipo dzina lake ndi libimage-exiftool-perl. Lathu linali kamwana kake. Mabanja ena a kumpingo anali ndi zitini zawonso, intaneti inali yodula, ndipo chaka chimenecho magetsi ankabwera pakati pa usiku basi. Choncho mnyamatayo anamanga kaphukusi kokwana pa fulashi, kodalira phukusi lalikululo, kofunsa mafunso anayi m'Chichewa: ndani, kuti, liti, wanena ndani. Funso lachinayilo ndinaumirira ndine. Umboni wopanda mwini sindiukhulupirira.

Mavuto anayambira pa chilembo chimodzi. Titalemba kuti Malaŵi, kompyuta ya woyandikana nawo inaonetsa MalaÅµi. Muyezo wakale wa Exif, umene unakonzedwa ku Japan mu 1995, unkayembekeza zilembo za Chingerezi zokha, ndipo kachipewa ka pa w kanali mlendo wopanda chitupa. Tinasamukira ku muyezo wina, XMP, umene umalandira Unicode ndiponso umalola kuika chizindikiro cha chiyankhulo pa mawu ofotokoza. Chathu ndi ny. Ndinachilemba ndi kachimwemwe kamene ndikudziwa kuti n'kachibwana. Komatu awa ndi anthu amene lamulo la unzika la 2001 linawasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawazindikiranso n'kuika Chichewa poyamba pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Tsiku nalo linavuta. Exif imafuna chaka, mwezi, tsiku ndi ola; azakhali ankati "chitangotha chitaganya". Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, choncho tinkalemba 1964 yokha, poti XMP imalola chaka chopanda mwezi, mawu awo enieniwo n'kuwasunga m'munsi.

Kenaka tinafika pa zithunzi za gule. Achewa a ku Chitungwiza amavinabe, ngakhale anansi ena amawatcha zvigure monyoza, ndipo UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005. Mnyamatayo, ali ndi changu cha munthu wodzaza fomu, analoza chilombo china nafunsa kuti anali ndani. Azakhali anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Chatuluka kumanda chimenecho. Dzina la munthu ulipeza kuti?" Ine, wometa wa ku Dedza, ndinachita manyazi kuti funso loyambalo ndinalikonza ndekha osaganizira zimenezi. Choipirapo n'chakuti zithunzi zatsopano za pa foni yake zinali ndi manambala a GPS oloza malo amene osameta sayenera kuwadziwa. Usiku womwewo, magetsi atabwera, tinawonjezera lamulo lofufuta malo, ndipo pa zithunzi za gule funso la "ndani" linayamba kulandira dzina la chilombo chokha.

Tinamaliza zithunzi 140 tchuthi changa chisanathe. Azakhali anamwalira mu 2021. Zotsalazo mnyamatayo anazijambulabe, ndipo pa funso lachinayi analemba kuti "palibe".