Kale ndinkadikira nkhono, lero ndimawerenga masekondi

M'kabati ya mu ofesi yanga muli mawotchi awiri. Ina ndi yapakhoma, yozungulira ngati mbale ya nsima, ndipo galasi lake linang'aluka tsiku losamuka. Inayo ndi kawotchi kakuda kogwira m'manja, kabatani pamwamba, konga kaja amagwira aphunzitsi a zamasewera ana akamathamanga pabwalo. Yapakhomayo inandiperekeza zaka 14 zimene ndinkagwira ntchito ya uphungu, yomvetsera anthu ovutika maganizo. Kam'manjako ndinakagula nditasiya uphungu n'kuyamba ntchito yoyeza, imene makolo akamaimba foni amangoti, “Tamva kuti mumayeza mitu ya ana.”

Wotchi yapakhoma ija ndinkaipachika kumbuyo kwa mpando wa mlendo, kuti ndiziiba ndi diso iye osadziwa. Mabuku ankati kucheza kumodzi kuzitenga mphindi 50, koma amene analemba mabukuwo sanaonepo anthu akwathu akulonjerana. Mwadzuka bwanji, mwawasiya bwanji kunyumba, nanga ana, mvula yagwa kwanuko? Mphindi khumi zinkathera pamenepo, ndipo sindinkaziwerenga ngati zotayika. Munthu safika n'kuvula mtima pakhomo ngati nsapato.

Sindiiwala mayi ena amene anabwera chifukwa cha mutu. Kuchipatala anawayeza malungo, anawayeza BP, anawatenga magazi, osapeza kanthu, mpaka namwino wina anawalozera chitseko changa. Ankabwera Lachiwiri lililonse, n'kukhala pansonga ya mpando, chikwama atachikumbatira pamiyendo ngati wina awatsomphola. Milungu inayi yathunthu tinakamba za chimanga: feteleza wokwera mtengo, anankafumbwe m'nkhokwe, mbuzi za aneba zosamva kukuwa. Ine ndinkangoti “eee”, “ndamva mayi”, “kenako?” Mlungu wachisanu, ali mkati mofotokoza za kupalira, anangoti, “Mizere ya kumalire ija ankapalira ndi malemu mwana wanga.” Anakhala chete. Nanenso ndinakhala chete, mwina mphindi zitatu, kunja wina akukokera tebulo pasimenti. Ntchito inayambira pamenepo, ndipo tinayenda limodzi miyezi isanu ndi iwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yanga yakale inali imeneyo basi, kudikira nkhono.

Nanga ndinachokeranji? Ndisaname kuti ndinaona masomphenya. Ndinatopa. Ndinayamba ntchitoyi Edzi ili pachimake, ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo panali miyezi imene ndinkafufuta mayina m'buku langa mlungu uliwonse. Madzulo ndinkafika kunyumba nditasenza maliro a eni ake. Mwana wanga akandidandaulira kuti mnzake wamulanda pensulo, ndinkapezeka ndikumuyankha ndi mawu a ku ofesi, mpaka tsiku lina anandiuza kuti, “Amayi, mungondikalipira ngati amayi a anzanga.” Chinanso chinali ndalama. Kuno munthu salipira kuti acheze. Ali ndi azakhali, ali ndi ankhoswe, ali ndi abusa, onsewo aulere. Koma lipoti la masamba khumi lokhala ndi chidindo, limene sukulu ikufuna kapena khoti laitanitsa, amalipira osanyinyirika.

Walira mvula walira matope. Ndili ndi zaka zoposa 40 ndinakhalanso pabenchi ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinakaphunzirira ku South Africa, kumene nkhani yoyeza anthu saitenga mwachibwana, poti akudziwa mmene mayeso otere anagwiritsidwira ntchito mokondera m'nthawi ya tsankho. Lamulo lawo la Employment Equity Act la 1998 limaletsa kuyeza wofuna ntchito ndi mayeso amene sanatsimikizidwe kuti ndi olondola komanso osakondera. Amene ankandiyang'anira anali mayi achikulire osaseka wamba. Tsiku loyamba kuyeza mwana iwo ali pomwepo, anakhala pakona ndi kope lawo osalankhula. Mwanayo atatuluka ndinadikira kuyamikiridwa, chifukwa tinali titagwirizana bwino, iye akuseka, ine ndikuseka. Iwo anangotsegula kope. “Mwanena ‘eya’ maulendo 23. Mwana akakhoza mukugwedeza mutu, akaphonya mukukwinya pamphumi. Mwanayu amawerenga nkhope yanu, osati funso.”

Zonse zimene zinkandipanga kukhala waluso pa ntchito yakale zinasanduka zolakwa. Kale munthu akapanda kumvetsa funso ndinkalizungulira, kulifunsanso mwa njira ina, kuperekapo fanizo. Lero buku la malangizo limati werengani mawu awa monga alembedwera, osawonjezera, osachotsera. Mwana akaphonya mafunso angapo motsatizana, mumasiya pomwepo n'kupita mbali ina. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza. Kenako ndinamvetsa kuti sikelo imene wogulitsa nyemba amaikankhira chala chifukwa wakonda wogula si sikelonso.

Zida zake ndinazikonda msanga, ndisabise. Sutikesi yolemera, kabuku ka zithunzi koimika patebulo, timatabwa tofiira ndi toyera toti mwana apange nato chithunzi chimene waona, mapensulo opanda labala. Mbewu ya zonsezi inadzalidwa ku Paris mu 1905, pamene Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mafunso ofuna kudziwa ana asukulu ofunika thandizo lapadera. David Wechsler, wa pa chipatala cha Bellevue ku New York, anatulutsa mayeso ake a akuluakulu mu 1939, ndipo a ana, otchedwa WISC, anatsatira mu 1949. Sutikesi yangayi ndi mdzukulu wa amenewo. Mwana akamaliza, mumawonkhetsa zimene wapeza n'kutsegula matebulo a kumapeto kwa buku, kumuyerekeza ndi anzake a msinkhu wake weniweni, zaka ndi miyezi yomwe. Wapakatikati amagwera pa 100.

Mawu akuti “anzake” ndi amene amandisowetsa tulo. Anzake ati? Matebulo aja anapangidwa poyeza ana a ku America kapena ku Britain, osati a ku Ntcheu. Ngakhale msinkhu womwewo umavuta. Agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo, khadi lakusikelo linapsera m'nyumba, ndipo nditafunsa tsiku lobadwa anati, “Anabadwa tikukolola, chaka chija kunasefukira madzi.” Ndinatsegula tsamba liti pamenepo? Palinso chilankhulo. Mwana amaganiza m'Chichewa, funso limabwera m'Chingerezi, ndiye mukalemba kuti waphonya simudziwa ngati chamuvuta ndi nzeru kapena lilime la eni. Pali mbali imodzi yokha imene Chingerezi chimatipulumutsa, yobwereza manambala chafutambuyo, pakuti ndani anganene “zisanu ndi zitatu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi zinayi” mobwerera m'mbuyo osaluma lilime?

Amene ananditsegula maso pa zimenezi ndi Robert Serpell wa ku University of Zambia. M'zaka za m'ma 1970 iye anapita m'midzi ya Achewa m'boma la Katete n'kumafunsa akuluakulu kuti pa ana a pamudzipo angatume uti ntchito yofuna nzeru. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili ndi miyendo iwiri, kuchenjera ndi kutumikira, ndipo mwana wochenjera koma wosatumika sankamuwerengera kuti ndi wanzeru. Pa kafukufuku wina anapatsa ana a ku Lusaka ndi a ku England zithunzi zoti atengere. Pa pensulo ndi pepala a ku England anapambana. Atawapatsa waya, ana a ku Lusaka, ozolowera kupinda magalimoto a mawaya, anawasiya kutali. Pa dongo anafanana. Ku Zambia komweko anakonzanso mayeso otchedwa Panga Munthu, oti mwana aumbe munthu ndi dongo. Kuno ku Malawi, mu 2010, Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa MDAT, chida choonera kakulidwe ka ana aang'ono, chokhala ndi zinthu 136 zoyang'ana kayendedwe ka thupi, luso la zala, kulankhula ndi kukhala ndi anthu, ndipo anachiyesa pa ana akumidzi yathu yomwe ino. Chimenecho ndimachigwira ndi mtima wokhala pansi. Nambala za m'sutikesi zija ndimazilemba, inde, koma pansi pake ndimaikapo ndime yaitali yochenjeza mphunzitsi kuti asazitenge ngati chigamulo cha khoti.

Achinyamata amene akulowa ntchitoyi masiku ano ambiri sadziwa kulemera kwa sutikesi. Kampani ya Pearson ili ndi njira yotchedwa Q-interactive, ya ma iPad awiri, ina ya woyeza ina ya mwana, ndipo makinawo amawerenga okha masekondi n'kuwonkhetsa okha. Sindikunyoza. Ine ndinalakwitsapo kuchotsera miyezi pa msinkhu wa mwana n'kutsegula tebulo lolakwika, lipoti lonse n'kulembanso usiku. Koma zimenezo zimalipiridwa ndi madola, ndipo madola kuno mukudziwa nokha. Ndikadali ndi kawotchi kanga, kamene sikadziwa kuti magetsi azima.

Makolo nawonso asintha. Kale mwana wosagwira za m'kalasi ankangoti ndi wouma mutu, abwereze kalasi kachitatu mpaka atope yekha. Akakhala wosalankhula, wokonda kukhala payekha, anthu ankanong'onezana kuti bambo ake anamuika m'chizimba cha chigayo. Lero mayi amalowa foni ili m'manja, atawerenga kale usiku wonse, n'kundifunsa ngati ndi ADHD kapena autism. Pa mbali imeneyi sindilirira kale ngakhale pang'ono. Ndaona mayi akupumira m'mwamba atamva kuti vuto la mwana wawo lili ndi dzina, kuti si ufiti, si ulesi, ndipo kuti mphunzitsi akamuika kutsogolo n'kumupatsa nthawi yowonjezera pa mayeso zinthu zingasinthe. Zimene ndinkazifunafuna miyezi isanu ndi iwiri, nthawi zina lipoti limazichita Lachisanu limodzi.

Chimene ndimasowa ndi mapeto a nkhani. Mayi a chimanga aja ndinawaona akusiya kukumbatira chikwama, ndinawaona akuyamba kuseka, ndipo tsiku lotsanzikana anandibweretsera mondokwa wa m'mizere ya kumalire ija. Ana amene ndimayeza lero ndimakhala nawo mmawa uwiri kapena utatu, kulemba lipoti, kulifotokoza kwa makolo, basi. Sindidziwa ngati mphunzitsi analiwerenga kapena anangoliika pansi pa kaundula. Ndipo pa tsiku lofotokoza lipotilo, mayi akayamba kunena kuti, “Bambo ake amati ndine ndinamubereka choncho,” makutu akale aja amadzuka okha. Ndimamvetsera pang'ono, kenako ndimawalembera dzina la mnzanga amene akadali pa uphungu. Dzanja limalemba, mtima ukukana.

Mwezi watha ndinali ndi mnyamata wa zaka 9, amene kusukulu anamulemba kuti ndi wochedwa pa chilichonse. Anafika atanyamula galimoto ya mawaya yopanga yekha, ya chiwongolero chachitali ndi matayala a zitsekerero za mabotolo, ndipo ndinamupempha kuti aiimike pakhomo. Titafika pa timatabwa tofiira ndi toyera, chithunzi china chovuta chinamuimitsa. Anatembenuza kamodzi, n'kukabweza, n'kupendeketsa mutu, lilime lili kunja pang'ono. Kamodzi kokha kanali kopotoka, ndipo chala changa chinkayabwa kuti ndingokakankha. Ndinakhalira manja. Nthawi yololedwa inakwana, ndinadina kabatani pansi pa tebulo kuti asamve, koma sindinamuimitse. Anapitiriza, anakaona, anakatembenuza, chithunzi chinakhala ndendende.

Anadzutsa mutu. “Anti, ndakhoza?”

Ndinamuyankha ndi mawu okhawo amene buku limandilola. “Walimbikira kwambiri, mwanawe. Tiye tione china.”

M'kabokosi ka pa fomu ndinalemba 0. M'mphepete mwake, ndi pensulo, ndinalemba kuti anamaliza yekha, molondola, masekondi 40 nthawi itatha.